Trial ya a Waya

Fakitale ya mabatire itatsekedwa, Waya anakhala pakhomo mpaka nsapato zake za kuntchito zinachita nkhungu. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa anali wa zamagetsi, komanso anali wamtali ndi woonda ngati nthambo ya papolo. Mkazi wake anali telala. Ankasokera m'kachipinda koyang'ana kumsewu, kutsogolo kwa nyumba yawo ya lendi, mmene munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Anthu onse a mumsewumo ankamuitana kuti mayi Telala. Mwana anali naye mmodzi, mtsikana, ndipo anali kusekondale yogonera komweko.

Mwamuna wosowa ntchito amasanduka mpando woikidwa pakhomo, aliyense wodutsa amapunthwa nawo. Waya anakonza masoketi onse a m'nyumba, ngakhale amene analibe vuto. Anamasula wailesi n'kuimanganso. Zitatha zimenezo anangoti duu pakhonde, kumawerenga magalimoto ndi maso.

Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, anatulukira atanyamula buledi ndi shuga. Anapeza mng'ono wake atabwera kudzacheza. Mng'ono wakeyo ankaphunzitsa Chingerezi, ndipo ngakhale abale ake ankangomuti Aphunzitsi.

"Mayi, tekani tiyi," anatero Waya. "Ndapeza trial."

Phazi la Telala linaima pamakina. Mawu amenewo ankawamva pawailesi, m'nkhani za kukhoti.

"Mwapalamula chiyani, bambo?"

Aphunzitsi anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mtima m'malo! Mawu amenewa ndi birimankhwe, amasintha khungu malinga ndi pamene aponda. Kukhoti, trial ndi kuzenga mlandu, pamenepo mwalasa. Koma kuntchito ndi nthawi imene bwana amakuyesa asanakulembe. Mnyamata akapita kukaonetsa mwendo wake kutimu ya mpira kuti amutenge, imeneyonso ndi trial. Ngakhale kukhala pabanja ndi achimwenewa zaka zonsezi, pa Chingerezi tinganene kuti ndi trial, kutanthauza mtanda wosenza."

"Umenewo ndiye ndausenzadi," anatero Telala, mtima ukuyamba kutsika. "Nanga yawoyi ndi iti?"

"Ya ntchito," anayankha Waya msangamsanga, maso ali pabuledi amene ankadula.

"Kampani yanji?"

"Yatsopano. Ya zamankhwala. Ili kuseri kwa msika wa matayala."

Anamwa tiyi wa shuga wambiri tsiku limenelo. Telala anatulutsa malaya a mwamuna wake, n'kuwasita onse.

Poyamba zinthu zinkayenda. Waya ankachoka m'mawa, masana n'kukhala atabwerako, ndipo m'nyumba munayambanso kununkhira mafuta ophikira. Koma Telala anali munthu wa maso. Anaona kuti mwamuna wake sankadya kalikonse pochoka, ngakhale kupsontha tiyi. Anaona kuti bokosi la zipangizo linali pansi pa bedi, fumbi lili mbuu. Manja amene kale ankabwera akuda ndi girisi tsopano ankabwera oyera ngati a kalaliki. Ndipo kunja kutenthe chotani, Waya ankavala malaya a manja aatali, mabatani omanga mpaka m'mapeto.

"Magetsi ake mukumagwira ndi chiyani, zipangizo zili muno?"

"Ali ndi zawo."

"Nanga akulembani liti?"

"Mayi, trial sathamangira."

Kenaka kolala inayamba kuthina. Waya anabwera nayo yekha kumakina, akuseka, n'kunena kuti ndalama zayamba kuoneka m'khosi. Telala anasuntha batani. Pasanapite nthawi anasunthanso, mpaka nsalu inatha. Anamuyang'ana bwinobwino mwamuna wake pagalasi long'aluka lija. Sikunali kunenepa. Mikono inali yoonda monga kale, koma nkhope inali itafufuma, maso atalowa, ndipo madzulo akavula nsapato, masokosi ankasiya mzere wakuya pamwendo umene sunkafufutika. Madzi ankamwa ngati ng'ombe, koma kuchimbudzi sankapitako kawirikawiri. Chakudya chilichonse ankati chikumveka chitsulo m'kamwa.

Tsiku lina Waya akusamba, Telala analowa ndi thaulo osagogoda. Anaona mkati mwa zigongono zonse ziwiri muli timadontho takuda, tina tatsopano, tina topola.

"Ichi n'chiyani?"

"Amatipima magazi. Ndi lamulo la pakampani."

"Tsiku lililonse?"

"Tulukani, mayi, nditsekere chitseko!"

Chikwatirane, Waya anali asanamukalipirepo chotero.

M'mawa mwake Telala anadikira kuti mwamuna wake akhote pakona, ndipo anatseka shopu, n'kumutsata chapatali. Waya ankayenda pang'onopang'ono, kupumira pamapolo. Anadutsa pamalo okwerera minibasi, n'kulowa mumsika wa matayala, mmene munkanunkha labala wopsa ndipo nyundo zinkalira mbali zonse. Kuseri kwake kunali nyumba yosanja. Pansi pake ankagulitsa zitsulo za galimoto. M'mbali mwake munali masitepe achitsulo opita kuchitseko choyera chopanda chikwangwani. Waya anakwera atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri, ndipo chitsekocho chinamumeza.

Patsinde pa masitepe panali mayi wina atakhala patayala, ali ndi fulasiki pamiyendo.

"Nanunso mwaperekeza?" anafunsa mayiyo. Kenaka anamuyang'anitsitsa n'kumwetulira. "Ndakudziwani. Ndinu akazi awo a Waya. Amuna anga anali mlonda pafakitale paja. Amuna anu ndi munthu wabwino, mayi. Ndi amene anabwera kudzatiuza za kuno, ife titasowa pogwira."

"Ntchito yake ndi yotani kumwambako?"

"Ntchito?" Mkazi wa mlonda anatsitsa mawu. "Kodi sanakuuzeni? Kulibe ntchito. Amawabaya jakisoni, kuwamwetsa mapiritsi, n'kuwatenga magazi. Akuyesa mankhwala atsopano. Ine ndimabwera chifukwa masiku ano amuna anga akumachita chizungulire potsika."

Telala anakwera masitepewo. Chitseko sichinali chokhoma. Mkati munali chipinda chachitali, mawindo ake opakidwa penti mpaka pakati kuti wakunja asaone. Munkanunkha sipiriti. Pakona firiji inkang'ung'udza. Pamabenchi panakhala amuna okhaokha, malaya atapinda, ena atapanikiza thonje pamkono, ndipo ambiri a iwo Telala ankawadziwa nkhope: anali a kufakitale. Onse anali ndi masaya ofufuma ofanana, ngati ana a mimba imodzi.

Waya atamuona anayang'ana pansi.

Kuseri kwa katani kunatuluka bambo wamfupi wovala gauni loyera, wa mawu ofewa ngati a munthu wogulitsa mabokosi a maliro.

"Mayi, kuno salowa alendo."

"Si ine mlendo. Awo ndi amuna anga. Mukuwabaya chiyani?"

"Iyi ndi trial, mayi. Amuna anu akudziwa zonse. Ndi mankhwala opatsa mphamvu, oti munthu azigwira ntchito osatopa."

"Nanga kutupaku?"

"Ndiye kuti mankhwala akugwira." Dokotalayo anamwetulira, koma maso ake anali pachitseko. "Choopsa n'chimodzi chokha: kusiyira panjira. Thupi likazolowera, silifuna kudukizidwa. Amene wasiyira panjira, zimene zimuchitikire ife sitizidziwa, ndipo iyenso sitimudziwa."

Ananena mokweza pang'ono kuti a pamabenchi onse amve. Mitu inawerama.

Pobwerera anayenda limodzi mpaka atatuluka mumsika.

"Munandinamiza, bambo."

"Ndinati trial. Womasulira anali mng'ono wanga."

"Ndipo inu munati ya ntchito."

Waya anaima n'kutsamira khoma.

"Mumafuna ndinene chiyani? Kuti mwamuna wanu, amene ankayatsa fakitale yonse ndi chala chimodzi, lero akubwereketsa thupi ngati khoswe wa m'khola? Mwana abwere kutchuthi adzapeze m'nyumba muli mphepo yokhayokha?"

"Bola mphepo kusiyana ndi maliro. Mawa simupitakonso."

"Mwamva nokha zimene wanena. Ndikasiya ndiye ndafa. Yatsala pang'ono kutha."

Telala anaitanitsa mlamu wake. Aphunzitsi atamva, anakhala pampando wa makasitomala n'kuvula magalasi.

"Tanthauzo limenelo ndinalidziwa, alamu," anatero. "Kuyesa mankhwala pa anthu ndi trial. Koma tsiku lija silinandibwerere m'mutu. Ndinatanganidwa ndi kuseka."

Anachonderera mkulu wake kuti apite kuchipatala cha boma. Waya anakana. Anati kumeneko akangomva, akatseketsa malowo, ndipo anzake onse adzasiyira panjira chifukwa cha iye. M'mawa mwake ananyamukanso. Telala anaima pakhomo la shopu n'kumuyang'ana akupita, nsapato atazipondera kumbuyo chifukwa mapazi sankalowanso.

Amene anathetsa trial ija anali mlonda. Tsiku lina masana, akutsika masitepe, anangoti khwinthi, n'kugubuduka mpaka pamapazi pa mkazi wake. Pamene okonza matayala ankamunyamula, anali atazizira kale. Mkuwo wa mayiyo unasonkhanitsa msika wonse. Anthu anatchinga masitepe kuti asatsike munthu, mpaka apolisi anafika. Anatuluka ndi dokotala uja, kalaliki wake, firiji ndi makatoni. Amuna a pamabenchi anawakweza lole n'kupita nawo kuchipatala cha boma.

Kumeneko Waya anamugoneka. Dokotala wa m'wodi, mayi wa imvi zapatalipatali, anamuitanira Telala pakhonde.

"Impso zawo zawonongeka. Tiyesetsa, koma sindikufuna kukunamizani, sizidzabwerera mwakale. Azidzabwera kumakina otsuka magazi."

"Chifukwa chakuti asiyira panjira?"

"Ayi. Akanasiya kale bwenzi zili bwinoko. Mawu amenewo anali chingwe chowamangira."

"Ndiye trial imeneyo ndi yopha anthu?"

"Yeniyeni imakhala ndi chilolezo, mayi. Munthu amauzidwa zoopsa zonse m'chinenero chake, amayang'aniridwa, ndipo tsiku limene wafuna kusiya amasiya, palibe womuopseza. Zimene zinkachitika kumsika kuja zinangobwereka dzina."

Telala anabwerera m'wodi n'kukhala pambali pa bedi. Waya anali atatembenukira kukhoma.

Anzake a kutchalitchi ankabwera ndi zipatso ndi mapemphero. Mmodzi anamugwira Telala dzanja n'kumuuza kuti alimbe mtima, awa ndi mayesero, ndipo golide amayengedwa ndi moto. Atachoka, Aphunzitsi anati chapansipansi, ngati munthu amene pakamwa pamutsogolera:

"Mayeseronso pa Chingerezi ndi mawu omwe aja."

"Alamu," anatero Telala, "mawu amenewo ndisawamvenso pakamwa panu."

Koma pakamwa pa ena sakanatha kutseka. Waya atatuluka m'chipatala, kunyumba kunafika wapolisi wovala zovala wamba. Anakana mpando.

"Trial iyamba mwezi wamawa. Bambowa akufunika kukhoti."

"Akufunika ngati ndani?" anafunsa Telala.

"Ngati mboni." Wapolisiyo anayang'ana Waya, amene anakhala pampando miyendo atasanjika pandowa. "Pakadali pano."

"Pakadali pano n'kutani?"

"Ena mwa anzawo akuti amene anawatengera kumeneko ndi iwowa. Ine ndangotumidwa, mayi."

Tsiku lomwelo lisanathe, mkazi wa mlonda anaima pakhomo la shopu atavala zakuda. Sanalowe, sanapereke moni.

"Amuna anu anabwera kwathu ndi mapazi awo," anatero. "Anakhala pampando wanga, ndinawapatsa madzi akumwa. Anga ali m'manda, anu ali m'nyumba. Ndikufuna akanene kukhoti zonse zimene anaona kumwamba kuja. Akabisa ngakhale chimodzi, ine ndidzabwera kudzakhala pakhomo pano mpaka mudzasamuke."

Mayiyo anatembenuka n'kumapita.

Dokotala wa kumsika uja anatuluka pa belo. Kuyambira pamenepo, tsidya lina la msewu kunayamba kuima galimoto yotuwa ya magalasi akuda. Inkabwera m'mawa, injini osazima, kenaka n'kuchoka popanda wotsika. Telala ankaiona pagalasi lake akamasoka. Ulusi unayamba kumudukira pafupipafupi.

Tsiku lina chitseko cha galimotoyo chinatseguka. Munatuluka bambo wojintcha, wometa bwino, atakoleka suti pamkono. Anagogoda mwaulemu ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Mayi Telala? Ndamva mbiri ya manja anu. Jeketeli likundikhwepa m'mimba, mungalibweze?"

Telala anafuna kunena kuti ntchito yamuchulukira, koma bamboyo anali atavala kale jekete, n'kuima pagalasi manja atatambasula. Telala anatenga mapini n'kuyamba kutsina nsalu kumsana. Inali nsalu yodula, yolemera, yonunkhira perefyumu.

"Bambo ali bwanji?" anafunsa bamboyo, akuyang'ana Telala kudzera pagalasi.

"Mukuwadziwa?"

"Dziko ndi laling'ono. Ndamva kuti akukapereka umboni. Zovuta kwabasi, munthu wodwala kuima nthawi yaitali chotero. Munalowapo m'khoti, mayi?"

"Ayi."

"Muli mabokosi awiri. Lina ndi la mboni, lina ndi la woimbidwa mlandu. Ali moyandikana kwambiri. Ndaonapo anthu akulowa ili m'mawa, pofika masana ali mu linalo. Pakamwa pokha. Munthu akayamba kukumbukira zambiri, maloya amamukumbutsanso zina, monga za amene anatenga anzake n'kupita nawo kumalo ena. Pamene wodwala akati mutu sukugwira, sakukumbuka bwino, ndani angamuumirize?"

Pini inamubaya Telala pachala. Anayamwa magaziwo kuti asadonthere pajekete.

"Kundende kulibe makina otsuka magazi," anapitiriza bamboyo akuvula jekete mosamala. "Musafulumire nayo sutiyi. Ndidzaitenga mlandu ukatha."

Telala anadikira kuti galimoto ichoke, ndipo anapita kuchipinda n'kumuuza mwamuna wake zonse, mawu ndi mawu. Aphunzitsi anabwera, nkhani inakambidwa chitseko chili chotseka.

"Tikauze apolisi," anatero Aphunzitsi.

"Tikati chiyani? Kuti munthu anabweretsa suti?" anatero Telala. Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu amene anatuluka sanawakonde, koma anatuluka. "Bambo, mukati simukukumbuka. Ndani angakutsutseni? Mwana akufuna bambo ake."

Waya anayang'ana manja ake. Ankanjenjemera masiku amenewo, moti sakanatha kulowetsa waya pabowo la soketi.

"Mlonda uja ankanditsegulira geti mvula ikugwa," anatero. "Tsiku limene anagwa, m'mawa mwake anauza dokotala kuti maso akuchita mdima. Ine ndinali pambali pake. Dokotala anati ndiye kuti mankhwala akugwira, n'kumubaya wina. Ndikati sindikukumbuka, ndani anene?"

"Nanga akakutsekerani?"

"Ndanama kokwanira m'nyumba muno, mayi."

Khoti linali chipinda chotentha, cha mabenchi olimba ndi fani imodzi yozungulira mwaulesi. Telala anayamba wafunafuna mabokosi aja. Analipodi, ndipo anali moyandikana kuposa mmene ankaganizira. Mu limodzi munakhala dokotala, atavala tayi, ndi kalaliki wake amene ankangoyang'ana pansi. Mkazi wa mlonda anakhala kutsogolo. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunali bambo wa suti uja. Anamugwedezera Telala mutu ngati mnansi.

Woweruza analola Waya kupereka umboni atakhala. Woweruza ndi maloya ankalankhula Chingerezi, ndipo pakati pawo ndi mboni panaima womasulira, bambo wachikulire wa mawu osasa. Loya wa boma anafunsa, Waya anafotokoza: za majakisoni, za kutupa, za kuopsezedwa, za m'mawa umene mlonda anati maso akuchita mdima. Mkazi wa mlonda anaphimba nkhope ndi mpango.

Kenaka anaimirira loya wa dokotala. Telala Chingerezi chake chinali cha pa tepi yoyezera, koma m'funso loyamba lenilenilo anamva mawu aja a trial akudutsa. Womasulira anayamba kuti, "Kodi munkadziwa kuti umenewu unali mlandu," ndipo anaima, n'kukanda pakhosi, n'kupepesa kwa woweruza. "Ndikonze. Kodi munkadziwa kuti kumeneko kunali kuyesa mankhwala?"

"Ndinkadziwa."

"Anakukokerani ndi chingwe?"

"Ayi."

"Malemuyo anadziwa bwanji za malowo?"

Telala anagwira benchi. Fani inkazungulira.

"Ndinamuuza ndine."

"Iye yekha?"

"Ndi ena. Dokotala anati ndikabweretsa anzanga, ndidzakhala woyamba kulembedwa ntchito ya magetsi akadzatsegula fakitale ya mankhwalawo."

"Ndiye kuti munkawagwirira ntchito amene mukuwanenezawa. Munali m'gulu lawo."

"Ndinali pabenchi," anatero Waya. Anayamba kumasula mabatani a pamkono, zala zikulimbana nawo, n'kupinda malaya mpaka pachigongono. "Singano imene inalowa mwa mlonda inalowanso umu. Ndikanadziwa kuti ndi imfa, ndikanayamba ndi thupi langa?"

Loyayo ananena zina mwaukali, loya wa boma anaimirira kutsutsa, woweruza analemba nthawi yaitali osadzutsa mutu. Telala ankangodikira kuti wapolisi wa pakhomo asunthe, amugwire mwamuna wake pamkono n'kumuolotsera kubokosi linalo. Wapolisiyo sanasunthe. Woweruza anati mboni ikhoza kutsika, ndipo mlandu anauimitsa kufikira tsiku lina.

Panja, mkazi wa mlonda anadutsa pafupi nawo. Anaima pang'ono, n'kumuyang'ana Waya kuyambira kumapazi otupa mpaka kunkhope. Kenaka anapitirira, ndipo pakhomo la shopu sanabwerenso.

Tsiku linalo litafika, m'bokosi muja munali kalaliki yekha. Dokotala anali atasowa. Ena ankati anadutsa malire, ena ankati anamuona mumzinda wina atameta ndevu. Khoti linalamula kuti amangidwe paliponse pamene angapezeke, ndipo mlandu unapitirira ndi amene analipo. Kalaliki, amene ntchito yake inali kuitana mayina ndi kutsuka mabotolo, anapita kundende. Waya sanaimbidwe mlandu. Loya wa boma anamuuza pakhonde kuti asapite kutali, chifukwa dokotala akadzagwidwa, zonse zidzayambiranso, ndipo za bokosi limene adzakhale ziganiziridwa nthawi imeneyo.

Moyo unapeza njira yake yopapatiza. Masiku a makina Telala ankatseka shopu n'kuperekeza mwamuna wake kuchipatala, kumene ankakumana ndi ena a pamabenchi paja. Mzerewo unkafupika mwakachetechete, ndipo palibe ankafunsa kuti uje ali kuti. Mwana anabwera kutchuthi, n'kulira ataona bambo ake, kenaka anazolowera kuwayezera madzi akumwa pakapu. Aphunzitsi ankabwera Loweruka lililonse, koma nthabwala za mawu anasiya.

Suti ija Telala anaibweza monga anapemphedwa, chifukwa sankadziwa kuti choopsa kwambiri n'chiti, kuisoka kapena kuisiya. Anaikoleka kuseri kwa madiresi a anthu. Miyezi inadutsa, ndipo anayamba kukhulupirira kuti mwini wake anathawa pamodzi ndi bwana wake.

Mwini sutiyo anabwera tsiku lina masana, kunja kukuwala bwinobwino, ana akuweruka kusukulu. Anagogodanso pachitseko chotsegula. Anavala jekete, n'kumanga batani, n'kutembenuka uku ndi uku pagalasi.

"Manja anu ndi odalitsika, mayi. Ngati ndinabadwa nalo."

Telala anangomuyang'ana pagalasi. Anali atagwira sizasi pansi pa tebulo.

"Bambo analankhula bwino tsiku lija. Mutu wawo ukugwira ndithu. Adokotala akupereka moni, akuti amawakumbuka." Anasiya malipiro patebulo n'kuwatsindika ndi choko. Ali pakhomo anatembenuka. "Mtsikana wanu ndinamuona pageti la sukulu yake. Wakula. Kutalikako watengera bambo ake."

Galimoto itachoka, Telala anakhala pampando wa makina. Kuchipinda kunamveka mawu a Waya akufunsa kuti anabwera ndani.

"Kasitomala," anayankha.

Kenaka anadzuka, n'kupita kukamuuza zoona. Madzulo omwewo Aphunzitsi anapita kupolisi, kumene apolisi analemba zimene ananena n'kumuuza kuti afufuza. M'mawa mwake Aphunzitsiwo anakwera basi kukamutenga mwanayo kusukulu, teremu isanathe, ndipo anakamusiya kwa azakhali ake, kutali, kumene anakayamba sukulu ina yoyendera. Telala anakoka makina ake kuwachotsa pawindo, n'kuwaika pakona pamene ankatha kuona msewu iye osaonekera kunja. Makasitomala ankadandaula kuti m'shopu mwada, ulusi sakuuona bwino mtundu wake. Iye ankawauza kuti atuluke nawo panja akauone padzuwa, ndipo akatuluka ankawatsatira ndi maso mpaka kutsidya kwa msewu.